Kansalu Komwe Kanakana Kuwola

1

Ndinkasita bulauzi yanga yoyera ya Mvano Loweruka m'mawa pamene foni inalira. Anali Towera, mnzanga amene timagwira limodzi ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Towera saimba foni kuti afunse za moyo. Akaimba, ndiye kuti kwinakwake kwapsa.

"Amake Tonny, mwadzuka bwanji? Mwaona pagulupu?"

"Ndadzuka, kaya inu. Sindinaone, ndikusita."

"Siyani kusitako mukhale pansi. Mpongozi wanu watchuka mpaka ku Ireland."

Ndinatsegula gulupu ya amayi a kutchalitchi. Panali chithunzi cha mtengo waminga, wopendekeka ndi mphepo, nyanja ikuonekera kumbuyo kwake. Panthambi pake panali tinsanza tambirimbiri totuwa, tina titangotsala ulusi. Koma pakati pa tonseto kansalu kamodzi kankawala ngati kagulidwa dzulo: kobiriwira, kokhala ndi nkhanga zachikasu.

Aliyense mumpingo mwathu ankaidziwa nsalu imeneyo. Inali ya chinkhoswe cha mwana wanga Tonny ndi Ketrina. Theka la amayiwo linali litasoketsa kale madiresi.

Chithunzicho anaika patsamba la nyumba yake ya alendo ndi Mayi Nuala, amene anatisunga paholide ku Ireland mu Juni. Analemba mwaulemu kuti akuyeretsa mtengowo, ndipo mlendo amene anamanga kansalu kokongolaka adziwe kuti sikawola ndipo kakupotokola nthambi. Pansi pake, amayi athu apampando, Mayi Kamwendo, anali atalemba kale m'zilembo zikuluzikulu: ZOBISIKA ZONSE ZIDZAULULIKA. Anawonjezera timalawi ta moto titatu.

"Mwaona?" anatero Towera. "Wamumanga mwana wanu. Mfundo yake yosawola!"

Ndinangoti maso pachithunzicho. Fungo la kupserera ndi lomwe linandidzutsa. Pachifuwa pa bulauzi panali patadindika chilembo cha simbi, chofiirira, chosongoka ngati muvi.

2

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Dzina langa ndine Ndapile, mayi wamasiye, ndipo ndakhala ku Easterhouse, mumzinda wa Glasgow ku Scotland, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Chimwalirireni amuna anga, a Edmond, m'nyumba tinatsala awiri, ine ndi Tonny. Iyeyu anabwera kuno ali wamng'ono. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi cha kuno, chomwe mpaka lero ndimatolapo mawu atatu pa asanu alionse.

Chaka chatha anabwera ndi Ketrina, namwino wa ku Ntcheu, mtsikana wofatsa. Akandipatsa kapu ya tiyi amatembenuzira chogwirira kwa ine. Akandipeza pamalo okwerera basi amaima mbali yochokera mphepo. Zimenezi ndimaziona, ngakhale sindinena. Anthu ankati ndachita mwayi, ine n'kumavomera ndi mutu. Anagwirizana kuti akakwatirana adzakakhala ku Shawlands, mtunda wa mabasi awiri kuchokera kwathu.

Mu Juni, Mayi Kamwendo analengeza kuti amayi a Mvano tatopa n'kupemphera m'holo ya ku Gorbals, tikapumeko kunja kwa dziko. Anapeza nyumba ya alendo m'mphepete mwa nyanja ku Donegal, ku Ireland, m'mudzi womwe anthu ake amalankhula Chiairishi. Tinapita amayi khumi ndi awiri. Ketrina tinamutenga kuti akaphunzire khalidwe.

Tinakwera basi, kenako chombo, kenako basi ina. Pachombo Mayi Kamwendo anaimirira n'kudzudzula mafunde m'dzina la Ambuye. Mafunde anawamva bwino lomwe, chifukwa anayambira iwowo kuwasanzitsa. Amene anawagwirira duku ndi kuwapukuta kukamwa anali Ketrina.

Mayi Nuala anali munthu wamfupi wa imvi, amene paunyamata wake anagwirapo ntchito m'chipatala ku Glasgow konkuno. Tisanatule n'komwe zikwama anatiphunzitsa moni wa kwawo: *Dia duit*, kutanthauza kuti Mulungu akhale nawe.

"Mwamva?" anatero Mayi Kamwendo. "Anthu oopa Mulungu awa. Ndinasankha bwino."

Kenako Mayi Nuala anafotokoza kuti poyankha umati Mulungu ndi Mariya akhale nawe. Amayi apampando anatsokomola.

"Ife tizingoyankha theka," anatero.

3

Masiku anayi aja sindidzawaiwala. Anatitengera kudambo kumene amadula dothi lakuda, kuliumitsa n'kumasonkhezera moto. Towera anagwira m'chiuno.

"Ndiye amati osauka ndife? Anthu akuwotha dothi awa!"

Tinaona agogo ena akuluka nsalu yaubweya pamakina amatabwa, mapazi ndi manja zikuvina pamodzi. Tinakwera bwato kukaona nyama zam'nyanja zonenepa, zogona pamiyala ngati amuna athu akadya Lamulungu masana. Tinasambanso m'mabafa amadzi otentha odzaza ndere zam'nyanja. Mayi Kamwendo anakana kuti iwo sangasambe m'ndiwo. Atalowamo anakhalamo ola lathunthu, mpaka tinachita kugogoda.

Tsiku lachitatu Mayi Nuala anatitsogolera kanjira ka nkhosa kukwera kuseri kwa phiri. Kumeneko kunali kachitsime kozingidwa ndi miyala, ndi mtengo waminga uja pambali pake. Anatiuza kuti makolo awo akhala akubwera pamenepo kwa zaka mazanamazana. Munthu amazungulira chitsime akupemphera, amaviika kansalu m'madzi, n'kukamanga panthambi.

"Kansaluko kakamawola, vuto lakonso limawola," anatero. "Koma kakhale kathonje kapena kaubweya. Tamverani bwino pamenepa."

Palibe anamvera, chifukwa Mayi Kamwendo anali atayamba kale.

"Kachisi uyu! Amayi, kachisi weniweni! Azungu anabwera kwathu kudzatigwetsera akachisi athu, awo anawabisa kuseri kwa phiri!"

Anayambitsa nyimbo yothamangitsa ziwanda n'kutitsogolera kutsika, nkhosa zikutiyang'ana. Mayi Nuala anatsala m'mbuyo akumwetulira. Madzulo ake anatipatsa buledi wotentha ndi batala ngati sitinawanyozere makolo awo.

Pobwerera ku Glasgow, chikwama cha amayi apampando chinagwa m'basi, ndipo munatuluka botolo la madzi lokulungidwa m'duku.

"Ndi a maluwa anga," anatero msangamsanga.

Ku Scotland kuno, kumene mvula imagwa ngati ili paganyu, munthu n'kuitanitsa madzi a maluwa kunja? Koma vuto la maondo awo tonse tinkalidziwa, ndipo chitsime tinachiona limodzi. Ndinawatolera botololo n'kuwabwezera m'chikwama.

4

Lamulungu lotsatana ndi Loweruka la foni lija, mapemphero atatha, amayi tinatsalira m'holo. Ndinavala juzi pamwamba pa bulauzi yopserera. Ketrina anamukhazika pampando pakati, ngati wodwala amene madokotala ophunzira amuzungulira.

Mayi Kamwendo anakweza foni m'mwamba.

"Mwana iwe, nsalu iyi tinaiona ife mu Ogasiti. Mu Juni inali ndi ndani?"

"Inali ndi ine, amayi. Azakhali anatumiza chidutswa kuti ndione."

"Unapita nayo ku Ireland?"

"Inali m'chikwama."

"Unapatsako munthu?"

Ketrina anayang'ana pansi. Ndinaona kuti nsapato zake zinali za kuntchito. Anali atachokera kushifiti, osapuma.

"Ndilibe mawu, amayi."

"Alibe mawu!" Mayi Kamwendo anatembenukira kwa ife. "Kwathu kondaine amathira m'ndiwo. A masiku ano, ophunzirawa, amakwerera chombo. Mwana wa mayi wamasiye, mwana mmodzi yekhayo, kukam'pachika pamtengo wa mizimu ya eni!"

"Zachisoni," anatero amayi ena amene diresi lawo la nkhanga linali kale kwa telala.

Anagamula kuti nkhaniyi ipita kwa abusa ndi akulu a mpingo Lamulungu linalo. Kufikira pamenepo ukwati usalengezedwe, ndipo Mvano sudzapereka chilangizo kwa mkwatibwi wotere. Atatero anandigwira phewa.

"Limbani mtima, amake Tonny. Mulungu wakuululirani nthawi isanathe. Tapempherani, titseke."

Ndinapemphera. Akuti linali pemphero logwira mtima.

Lolemba a Ellard, alamu anga amene ndi ankhoswe a Tonny, anaimba kuchokera ku Leeds kuti chinkhoswe chayamba chaima. Tonny za mankhwala sakhulupirira. Anaseka atamva za mtengo. Koma atapita kwa Ketrina anabwerako nkhope itagwa.

"Mami, ndamufunsa katatu," anatero m'Chingerezi chake chija. "Ndati, ngati unamanga, nena, tiseke limodzi. Ngati sunamange, nena amene anamanga. Akungolira. Ngati akundibisira kansanza, mawa adzandibisira chiyani?"

Sabata imeneyo Tonny sanapitenso kulikonse. Akaweruka ankabwera molunjika kunyumba. Patebulo tinali awiri ngati kale, mbale ziwiri, makapu awiri. Ndinamuphikira zonse zimene amakonda. Ankangozitembenuza ndi foloko, n'kukatsekera kuchipinda.

5

Lachitatu masana kunagogoda munthu. Anali Ketrina, atanyowa ndi mvula, atanyamula kajumbo.

"Mwaswera bwanji, amayi? Sindikhalitsa. A Towera anati bulauzi yanu inapsa."

M'kajumbomo munali bulauzi yoyera yatsopano, ya saizi yanga, yosita kale. Ndinamuuza kuti alowe. Anavula nsapato pakhomo, n'kukhala m'mphepete mwa mpando.

"Amayi, ndabwera kuti mtima wanu ukhale pansi. Ine sindinena."

Ndinatula patebulo kapu ya tiyi imene ndinanyamula.

"Sunena chiyani?"

"Ndinakuonani m'mawa uja tisananyamuke. Munatuluka anthu asanadzuke, jekete munaisiya pampando. Kunja kunali mphepo, ndiye ndinakutsatirani nayo. Ndinakupezani mutagwada pachitsime, mukumanga kachidutswa kamene ndinakudulirani kaja. Ndinabwerera, ndinaopa kukusokonezani pemphero."

Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Inu mwatumikira Mvano zaka makumi atatu. Akadziwa akuvulani yunifolomu pamaso pa anthu. Ine ndine mwana, anditukwana, adzaiwala. Tonny naye mtima udzatsika, kaya. Koma ndimafuna mudziwe kuti chimwalirireni amayi anga, palibe munthu anagwadapo pamiyala kupempherera banja langa. Ndinalira njira yonse pobwerera. Zikomo, amayi."

Anagwada pang'ono potsanzika, monga amachitira. Ndinamuyang'ana pawindo akuthamangira basi, jumbo yopanda kanthu ataifunda kumutu.

6

Tsopano ndikuuzeni zimene Ketrina sanamve, chifukwa mphepo inkawomba kuchokera kumene anaima.

Inde, anamanga kansaluko ndine. Ketrina anandidulira mwamseri tili m'chombo, kuti ine monga mayi ndikhale woyamba kuiona nsaluyo ndi kuivomereza. Ndinati ndi yokongola. Ndinakapinda n'kukaika m'Baibulo.

Pachitsime paja, anzanga akuimba nyimbo yothamangitsa ziwanda, ine ndinatola chiganizo chimodzi chokha cha Mayi Nuala: kansalu kakamawola, vuto limawola. Ndinatsika nacho phiri chiganizocho ngati mwala m'nsapato.

Vuto langa linali la mabasi awiri. Musaseke. Kapena sekani, ndi zoseketsadi. Ine amene ndinasiya mayi anga ku Dedza n'kuwoloka nyanja zingapo, ndinkaona Shawlands ngati kumanda. Ndinkaona mbale imodzi patebulo. Ndinkamva kiyi wa Tonny akusiya kulira pachitseko. Ndinafunafuna chifukwa mwa mtsikanayo, ndipo kusowa kwa chifukwacho ndi kumene kunandipweteka koposa.

Choncho m'mawa uja ndinazungulira chitsime katatu. Ndinaviika kansalu ka chinkhoswe cha mwana wanga. Ndinagwada, ine mayi wa Mvano, ndipo ndinati: "Monga iwolere nsaluyi, chibwenzi chimenechi chiwolenso. Mwana wanga atsale m'nyumba." Ndinamanga mfundo ziwiri. Ndinatseka ndi Amen, chifukwa sindidziwa kutseka mwanjira ina.

Ketrina atapita tsiku lija ndinaimbira Mayi Nuala. Kuulula kwa mlendo wakutali n'kosavuta. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anapumira m'mwamba.

"Ndapile, chitsime chathu ndi cha maso otupa, njerewere ndi mitima yosweka. Sindinamvepo kuti chinathetsa ukwati wa munthu. Si ntchito yake. Komanso nsalu yakoyi ndaiyesa pamoto kunsonga, ikusungunuka ngati jumbo. Ndi nayiloni. Idzakhalapo iwe ndi ine titaiwalika."

Azakhali a Ketrina anauzidwa pamsika kuti ndi thonje lenileni. Wogulitsa ameneyo, kulikonse kumene ali, ndiye yekha m'nkhaniyi amene bodza lake linachita zabwino.

"Ndikutumizire?" anafunsa Mayi Nuala.

"Tumizani."

"Nditumiza. Koma mfundo imene yatsala siili kuno. Ukamasule wekha."

7

Owerenga anzanga, makamaka amayi amene muli ndi mwana mmodzi ndi tebulo laling'ono, mundimve. Ndikanatha kukhala chete, ndipo zimene ndinapempha zikanachitika popanda thandizo la chitsime. Nsalu inakana kuwola, koma pakamwa panga potseka pankawoletsa zonse bwinobwino. Ndikanathanso kuulula theka, ngati moni wa Mayi Kamwendo: kuvomera kuti ndinamanga ndine, n'kusiya Ketrina akhulupirirebe kuti linali dalitso. Amayi akanandidzudzula pang'ono, ena akanati ndi chikondi cha mayi. Ndinalilingalira bodza limenelo masiku atatu. Linali lokongola, losita kale, la saizi yanga.

Za botolo la maluwa ndauza inu nokha. Kumpingo sindinalitchule. Aliyense ali ndi maondo ake.

Envelopu inafika Loweruka. Lamulungu ndinasiya bulauzi yatsopano pahang'ala, n'kuvala yopserera ija, wopanda juzi. M'holo munali abusa, akulu a mpingo atatu, a Ellard amene anabwera pasitima, ndi amayi onse. Tonny anakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Ketrina anali pampando uja wapakati.

Mayi Kamwendo anaimirira ndi foni yawo.

"Abusa, nkhani yake ndi yomvetsa chisoni. Mwana uyu…"

"Pepani, amayi apampando," ndinatero. "Ndiyambe ndine."

Anadabwa, chifukwa pazaka zonsezi sindinawadulepo mawu. Ndinayenda kufika kutsogolo, n'kuika kansalu kaja patebulo la abusa. Nkhanga zake zinkawala ngati sizinaonepo mvula. Ketrina anandipukusira mutu, maso akundipempha kuti ndikhale pansi.

Ndinanena zonse. Chombo, Baibulo, jekete pampando, kuzungulira katatu. Nditafika pa mawu amene ndinanena pachitsime, ndinawabwereza monga momwe analili, osachotsapo. Towera anagwira pakamwa. Mayi Kamwendo anakhala pansi pang'onopang'ono, chikwama atachikumbatira pamimba. Kumbuyo ndinamva mpando wa Tonny ukukhwekhwereza.

Nkhope ya Ketrina ndi imene sindidzaiwala. Sinakwiye. Inangozima, monga imazimira nyumba magetsi akathima.

Ndinamasula duku langa loyera n'kuliika pambali pa kansaluko. Kenako ndinagwada pamatabwa a holoyo, patsogolo pa nsapato zake za kuntchito.

"Ketrina, mwana wanga, unandithokoza chifukwa cha pemphero, koma linali temberero. Iwe unandibweretsera jekete, ine ndikukupempherera zoipa. Unasenza manyazi anga sabata yathunthu, ine ndikudya ndi mwana wanga patebulo. Za yunifolomu agamule abusa. Tonny, ngati uli ndi mkwiyo, ndi wanga, usamupatse iyeyu. Koma iwe Ketrina, sindikuti uyankhe lero. Ndalakwa pamaso pa Mulungu ndi pamaso pako. Chonde, ndikhululukire."